Kupanga mankhwala mosalekeza: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe amabwera mobwerezabwereza nkhani ya kupanga mankhwala mosalekeza ikangotchulidwa. Ena amachokera kwa ophunzira za mankhwala, ena kwa ogwira ntchito m'mafamase, ena kwa odwala ongofuna kudziwa kumene piritsi lawo ladzera. Osavuta ali koyambirira, ozama ali chakumunsi.

Kodi kupanga mankhwala mosalekeza n'kutani kwenikweni?

Ndi njira yomwe zopangira zimalowa m'makina mbali imodzi, uku mankhwala otha kale akutuluka mbali ina. Ufa ukuthiridwa kumayambiriro kwa mzere wa makina, mapiritsi akugwera m'chotengera kumapeto, pakati ponse zinthu zikuyenda osaima. Makina oyeza, osakaniza, owumitsa ndi odinda mapiritsi amalumikizidwa kukhala ngati chinthu chimodzi, ndipo onse amayang'aniridwa pa kompyuta. Pa Chingerezi amati continuous manufacturing, ndipo m'mabuku mudzaona atafupikitsa kuti CM.

Nanga njira yomwe inalipo kale imayenda bwanji?

Mpaka lero mankhwala ambiri padziko amapangidwa m'magulumagulu, ndipo gulu lililonse limatchedwa bachi. Antchito amayeza ufa wokwanira gulu lonse, amauthira mumgolo waukulu, amasakaniza, makina n'kuzimitsidwa. Amatapako pang'ono kupita nawo ku labotale, wotsalawo n'kukhala mosungira katundu kudikira zotsatira. Zikabwera, mgolo uja amaukokera kuchipinda china kukapanga timibulu. Kenako kudikiranso, kuumitsa, kudikiranso, kudinda mapiritsi, kudikiranso.

Mukawonkhetsa nthawi yomwe makina anagwiradi ntchito mungapeze maola ochepa chabe. Chomwe chimadya masiku, mwinanso masabata, ndi kudikira ndi kusamutsa katundu. Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli ngati kwa madzi otunga ndi ndowa ndi madzi oyenda mu paipi.

Tisaiwale kuti makina odinda mapiritsi okha akhala akugwira ntchito mosalekeza kuyambira kale: ufa umalowa pamwamba, mapiritsi n'kumatuluka pambali. Chatsopano ndi kuwalumikiza ndi zonse zochitika ufawo usanawafike.

Kodi piritsi lopangidwa motere limasiyana ndi lomwe ndinazolowera?

Ayi. Mlingo wa mankhwala ndi womwewo, liyenera kusungunuka m'mimba pa liwiro lomwelo, ndipo limayesedwa pa miyezo yomweyo. Kampani ikafuna kusiya njira yakale pa mankhwala omwe ali kale pamsika, imayenera kuonetsa kwa oyang'anira mankhwala kuti piritsi latsopanolo ndi lofanana ndi lakale. Wodwala sangazindikire poliyang'ana kapena polimwa.

Mafakitale ena anayamba kalekale kupanga zinthu motere. N'chifukwa chiyani a mankhwala anachedwa?

N'zoona kuti anachedwa. Makina a Fourdrinier anayamba kutulutsa pepala losaduka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Kampani ya BASF inatsegula fakitale yopanga amoniya mosalekeza ku Oppau, Germany, mu 1913, ndipo kampani ya Pilkington inalengeza njira yake yoyandamitsa galasi mu 1959. Malo oyengera mafuta a galimoto amayenda usana ndi usiku.

Zifukwa zochedwera ndi zingapo. Mankhwala akavomerezedwa, njira yowapangira imalembetsedwa limodzi nawo, ndiye kusintha kwakukulu kulikonse kumafuna chilolezo m'dziko lililonse kumene amagulitsidwa. Kampani yomwe ili ndi fakitale yoyenda bwino, yomwe ndalama zomangira inabweza kale, siona chifukwa chodziputira ntchito imeneyo. Komanso mankhwala safunika ochuluka ngati pepala kapena feteleza. Ena dziko lonse limangofuna matani ochepa pa chaka.

Koma chifukwa chomwe ambiri sachiganizira ndi ufa weniweniwo. Madzi amayenda mu paipi momvera. Ufa umakakamira m'mbali, umaundana kukachita chinyezi, timibulu tatikulu timapatukana ndi tating'ono, ndipo nthawi zina umangouma gwa pakamwa pa chotengera osatsika. Popanda zida zoonera zomwe ufa ukuchita m'kati mwa makina, palibe akanalimba mtima kuusiya uziyenda wokha.

Zinthu zinayamba kusuntha mu 2004, pamene bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku United States, linatulutsa malangizo olimbikitsa makampani kuyeza mankhwala ali m'kati mopangidwa, njira yomwe imadziwika kuti PAT. Mu 2007 kampani ya Novartis inagwirizana ndi yunivesite ya MIT pa kafukufuku wa zaka 10 wa madola 65 miliyoni wofufuza nkhani yomweyi.

Ndi mankhwala ati omwe akupangidwa kale mwa njira imeneyi?

Oyamba kuvomerezedwa ndi FDA anali Orkambi a kampani ya Vertex, mu July 2015. Ndi mankhwala a cystic fibrosis, matenda obadwa nawo omwe amadzaza mapapo ndi makhololo olimba. Mu April 2016 kampani ya Janssen inaloledwa kusamutsa mapiritsi a Prezista, omwe ndi darunavir wolimbana ndi HIV, kuchoka ku njira yakale kupita ku yatsopano pa fakitale yake ya ku Gurabo, Puerto Rico. Aka kanali koyamba kuti FDA ivomereze kusintha kotere pa mankhwala omwe anali kale pamsika, ndipo kwa ine chilolezo ichi n'chofunika kuposa choyambacho, chifukwa chinaonetsa kuti khomo ndi lotsegukira mankhwala akale omwe.

Kenako panabwera Verzenio wa Eli Lilly wa khansa ya m'mawere mu 2017, Symdeko wa Vertex ndi Daurismo wa Pfizer mu 2018, ndi Trikafta wa Vertex mu 2019. Mndandanda ukukulirakulira, komabe poyerekeza ndi mankhwala onse omwe alipo, awa ndi ochepa kwambiri.

Kodi m'kati mwa mzere wa makinawo mumachitika zotani?

Piritsi silikhala mankhwala okhaokha. Muli chochiza chenicheni, chomwe akatswiri amachitcha API, ndi zothandizira monga lactose ndi cellulose zodzazira, zomatira, zoliphwanya likafika m'mimba, ndi zoterera kuti lisakakamire pa chitsulo cholidinda. Ufa uliwonse uli ndi chothirira chakechake.

Chothiriracho ndi chotengera chokhala pa sikelo, pansi pake pali sikuluwu yokankha ufa. Kompyuta imaona momwe kulemera kukucheperachepera, n'kumafulumizitsa kapena kuchedwetsa sikuluwu kuti makilogalamu otuluka pa ola asasinthe. Nthawi yovuta ndi yowonjezera ufa m'chotengeramo: kulemera kumakwera mwadzidzidzi, sikelo imasokonezeka kwa kanthawi, ndipo ufa watsopano umapanikiza wapansi. Zolakwika zambiri za mzere wonse zimayambira pomwepa.

Kuchoka apo maufa onse amakumana m'chosakanizira, chomwe nthawi zambiri chimakhala paipi yokhala ndi timikono tozungulira m'kati, tosakaniza uku tikukankhira kutsogolo. Apa njira zimapatukana patatu. Ufa woyenda bwino umangopita kukadindidwa, ndipo iyi ndiyo njira yaifupi. Wina amayamba aupanikiza pakati pa zogudubuza ziwiri kukhala kachingwe kophwathalala, n'kukapera kukhala timibulu. Wina amaunyowetsa m'makina a masikuluwu awiri ozungulira limodzi, omwe m'masekondi ochepa amatulutsa timibulu tonyowa, n'kukatiumitsa ndi mpweya wotentha m'chowumitsira cha zipindazipinda, china chikudzaza pamene china chikukhuthula.

Choterera chodziwika kwambiri ndi magnesium stearate. Amathira chochepa, nthawi zambiri 1 peresenti kapena kucheperapo, ndipo amachithira chakumapeto dala, chifukwa chikasakanizidwa kwambiri piritsi limatuluka lofewa komanso lochedwa kusungunuka. Kukuta mapiritsi ndi kachikopa kakunja kumachitika pomaliza, kawirikawiri m'timagulu ting'onoting'ono totsatizana.

Ngati makina saima, amadziwa bwanji kuti mankhwala akutuluka bwino?

Apa ndiye pagona nkhani. M'njira yakale, labotale imayesa mapiritsi ochepa, mwina makumi angapo, kuimira gulu lomwe lingakhale ndi mapiritsi mamiliyoni. M'njira yatsopano, zoyezera zimaikidwa m'makina momwemo. Chodziwika kwambiri ndi NIR, kachida kowalitsa kuwala komwe maso sangakuone pa ufa ukudutsa. Ufa uliwonse umamwa kuwalako mwa mtundu wake, ndiye kuchokera pa kuwala kobwerera kompyuta imawerengera kuchuluka kwa API kapena chinyezi, kangapo pa mphindi iliyonse. Palinso zida za Raman, zomwenso zimayeza ndi kuwala, zina zoyeza kukula kwa timibulu, ndi makina otola mapiritsi okha n'kuwayeza kulemera, kukhuthala ndi kulimba. Ngakhale mphamvu yomwe chodindira chagwiritsa ntchito pa piritsi lililonse imanena kanthu za kulemera kwake.

Zoyezerazi sizimangolemba. Chinyezi chikakwera, nthawi yowumitsa imawonjezeka; mapiritsi akayamba kupepuka, chodindira chimadzaza ufa wochulukirapo. Ngati kampani yaonetsa umboni wokwanira, oyang'anira amailola kutulutsa mankhwala potengera zomwe zinayezedwa ali m'kati mopangidwa, osadikira kuti mayeso onse abwerezedwe ku labotale.

Sikuti labotale yatha ntchito. Kuchokera pa kuwala kufika pa nambala pali masamu omwe ayenera kuyerekezedwa ndi mayeso a ku labotale nthawi ndi nthawi, makamaka wogulitsa ufa akasintha kapena galasi la kachidako likada. Mayeso oona ngati mankhwala sawonongeka akasungidwa miyezi yambiri amachitikabe monga kale. Anthu amakonda kutama njirayi chifukwa cha liwiro, koma ine ndimaona kuti phindu lake lalikulu ndi lakuti imakakamiza wopanga kudziwa bwinobwino zomwe zikuchitika m'makina ake. Sungayendetse mzere wotere mwa kungoyerekeza.

China chikalakwika pakati, amataya zonse?

Ayi, amataya gawo lokhudzidwa lokha. Koma kudziwa gawolo si ntchito yamasewera.

Tibwerere ku madzi a mu paipi aja. Mukadontheza utoto pakamwa pa paipi, sutulukira kumapeto nthawi imodzi. Woyamba umafika wosaoneka bwino, kenako wambiri, kenako wotsalira umatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Ufa umachitanso chimodzimodzi: timibulu tolowa limodzi sitituluka limodzi. Akatswiri amayesa zimenezi poponya chizindikiro m'makina, kapena posintha dala mlingo wa API, n'kuona momwe kusinthako kukufikira kumapeto. Chithunzi chomwe amapeza chimatchedwa RTD, ndipo chimanena nthawi yomwe ufa umakhala m'gawo lililonse la mzere.

Tsono tiyerekeze kuti chothirira API chatulutsa mopitirira kwa masekondi 20. Kompyuta ikudziwa nthawi yomwe izi zachitika ndi kukula kwake. Pogwiritsa ntchito RTD imawerengera ngati chosakanizira chithe kumeza cholakwikacho. Chikakhala chaching'ono, chimasungunukira mu ufa wina ndipo mapiritsi amatuluka ali m'malire. Chikakhala chachikulu, kompyuta imadziwa mphindi yomwe ufa wolakwikawo ufike kumapeto ndi yomwe uthere, ndiye imatsegula kachitseko kopatutsira mapiritsi amenewo kumbali, kuyamba nthawi isanakwane ndi kutseka itapitirira, kuti pasalowerere ngakhale limodzi.

Pali kukokana komwe wokonza mzere sangakuthawe. Chosakanizira chobweza ufa m'mbuyo kwambiri chimafafaniza bwino zolakwika zing'onozing'ono, koma chimamwaza cholakwika chachikulu pa mapiritsi ambiri. Chongokankhira kutsogolo chimasunga cholakwika pamalo amodzi, koma sichichepetsa mphamvu yake. Aliyense amasankha pakati malinga ndi mankhwala ake.

Popeza palibe magulu, nambala ya bachi ya pa paketi imachokera kuti?

Bachi ilipobe, kungoti wopanga ndiye amaidula. Malamulo a ku United States, pa 21 CFR 210.3, anali atanena kale kuti pa mankhwala opangidwa mosalekeza gulu lingakhale kuchuluka kotuluka pa nthawi yoikika. Malangizo a Q13 a ICH, bungwe logwirizanitsa malamulo a mankhwala a maiko osiyanasiyana, amalola kudula potengera kuchuluka kwa zotuluka, kuchuluka kwa zolowa, kapena maola omwe makina ayenda pa liwiro lodziwika.

Nambalayi ndi yofunika pa tsiku loipa. Zikadziwika kuti thumba lina la lactose linali ndi vuto, kampani iyenera kunena mapaketi onse omwe ufa umenewo unalowamo kuti aitanitsidwe. Popeza ufa wa thumba latsopano umasakanikirana ndi wotsalira wa lakale, yankho limachokeranso ku RTD yomwe tafotokoza pamwambapa.

Kodi "mosalekeza" akutanthauza kuti makina sazimitsidwa?

Amazimitsidwa. Mzere wa mapiritsi ungayende maola angapo kapena masiku angapo, kenako umaima kuti utsukidwe kapena ulandire mankhwala ena. Ukayenda nthawi yaitali, ufa umamatirira m'mbali, zosefera zimatsekeka, zitsulo zimatentha, ndipo wopanga ayenera kuonetsa kuti piritsi la ola lomaliza ndi lofanana ndi la ola loyamba. Poyatsa ndi pozimitsa pamatayika ufa, chifukwa zinthu zimakhala zisanakhazikike. Oyang'anira safuna kuti manambala onse aime chilili; amafuna kuti ngakhale akusinthasintha, akhale m'malire ndipo wopanga akhale akuwalamulira.

Phindu lake kwa wopanga ndi lotani?

Lalikulu ndi kuthawa mutu wa kukulitsa. M'njira yakale, zomwe zinayenda bwino mumgolo wa makilogalamu 5 zimatha kukanika mumgolo wa makilogalamu 500, ndiye pamafunika mayeso atsopano pa msinkhu uliwonse, odya API yemwe pa nthawiyo amakhala wosowa komanso wodula. M'njira yatsopano, wofuna zambiri amangoyendetsa makina omwewo nthawi yaitali. Mankhwala oyesera pa odwala komanso okagulitsidwa pamsika angathe kutuluka pa mzere umodzi.

Zina ndi zoonekeratu: malo ochepa, katundu wochepa wodikira mosungira, ndi fumbi lochepa lofikira antchito popeza ufa umayenda motsekeredwa. Pfizer, pamodzi ndi makampani a GEA ndi G-CON, inafika pokonza mzere wokhala m'zipinda zonyamulika, womwe unaikidwa ku Groton, Connecticut.

Nanga API weniweniyo angapangidwe motere?

Inde, ndipo kumeneku zinthu n'zosavutirapo chifukwa zambiri zimakhala zamadzi. Zosakaniza zimapopedwa m'timapaipi ting'onoting'ono momwe zimakumana n'kusandulika zikuyenda. Kapaipi kakang'ono kamatulutsa kutentha msanga, ndipo nthawi iliyonse mumakhala mankhwala oopsa ochepa chabe, ndiye ntchito zomwe zingaphulitse thanki yaikulu zimatheka mosaopsa kwambiri. Mu 2017 akatswiri a Eli Lilly anafotokoza momwe anapangira makilogalamu 24 a prexasertib, mankhwala a khansa omwe ankayesedwa, pafupifupi makilogalamu 3 pa tsiku, pogwiritsa ntchito hydrazine, chosakaniza choopsa, atamutenthetsa kwambiri.

Kuwala nako kumalowa bwino m'kapaipi kusiyana ndi mu thanki. Ndi mwayi umenewu womwe Peter Seeberger ndi François Lévesque a ku Max Planck Institute anagwiritsa ntchito mu 2012 popanga artemisinin, gwero la mankhwala a malungo, kuchokera ku asidi wopezeka mu chomera chomwe artemisinin amachokeramo. Ku Virginia Commonwealth University, gulu la Frank Gupton linakonzanso njira yopangira nevirapine, wolimbana ndi HIV, kuti ikhale yaifupi komanso yotchipa.

Ena anayesa kulumikiza zonse, kuyambira pa zosakaniza mpaka pa piritsi. Mu 2013 gulu la Novartis ndi MIT linaonetsa mzere wotulutsa mapiritsi a aliskiren, a kuthamanga kwa magazi, m'masiku awiri. Mu 2016 akatswiri a MIT anaonetsa makina aakulu ngati firiji opanga mankhwala anayi: diphenhydramine, lidocaine, diazepam ndi fluoxetine. Izi zinali zoonetsa kuti n'zotheka. Mafakitale ambiri mpaka pano amapanga API padera, piritsi padera.

Bwanji mankhwala opangidwa ndi maselo amoyo?

Kumeneku mbali ina ndi yakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, mapuloteni ena osachedwa kuwonongeka, monga factor VIII wa odwala hemophilia, matenda oti magazi sasiya msanga kutuluka munthu akavulala, akhala akupangidwa m'matanki momwe maselo amatsalira m'kati kwa masabata, madzi owadyetsa akulowa, madzi okhala ndi mankhwala akutuluka. Chatsopano ndi kulumikiza thankiyo ndi magawo oyeretsa ndi opha mavairasi, omwe kale ankachitika gulu ndi gulu. Kampani ya Sanofi inatsegula fakitale yotere ku Framingham, Massachusetts, mu 2019. Chiopsezo chake ndi tizilombo: thanki yoyenda masabata ambiri imawapatsa nthawi yaitali yolowera.

Malamulo amati chiyani?

Palibe lamulo lomwe linaletsapo njirayi. Chomwe chinkasowa ndi kumvana pa zomwe kampani iyenera kuonetsa. FDA inakhazikitsa Emerging Technology Program mu 2014 kuti makampani azikambirana nayo asanapereke mapepala, ndipo inatulutsa malangizo oyeserera mu February 2019. Bungwe la ICH, lomwe linayamba mu 1990 pofuna kugwirizanitsa malamulo a Europe, Japan ndi United States, linamaliza malangizo a Q13 mu November 2022. Amakhudza mankhwala wamba ndi a mapuloteni, atsopano ndi osamutsidwa kuchoka ku njira yakale.

Kodi izi zithetsa kusowa kwa mankhwala ndi kutsitsa mitengo?

Zingathandize, koma tisayembekeze zoposa. Lipoti la FDA la 2019 linapeza kuti 62 peresenti ya mankhwala omwe anasowa pakati pa 2013 ndi 2017 anasowa chifukwa cha mavuto a kapangidwe. Mzere wogwira cholakwika nthawi yomweyo, komanso wotha kuwonjezera maola anthu akafuna mankhwala ambiri, uli ndi yankho pa vuto limeneli.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mankhwala osowasowa ambiri ndi akale, otchipa, makamaka a jakisoni, pomwe oyamba kupindula ndi njira yatsopanoyi ndi mapiritsi atsopano odula. Wopanga mankhwala otchipa amapeza phindu lochepa pa piritsi, amapanga mitundu yambirimbiri pa makina amodzi, ndipo kugula mzere watsopano, kuphunzitsa antchito ndi kulembetsanso mankhwala m'maiko ambiri ndi katundu wolemera. Za mtengo, pa mankhwala atsopano ndalama zopangira ndi kagawo kochepa ka zomwe wogula amalipira, ndiye kuzichepetsa sikusintha zambiri. Pa mankhwala otchipa, komwe mtengo wa API ndi mbali yaikulu, ntchito ngati ya nevirapine ija ndiyo ingafike m'thumba la wodwala.

Kodi alipo mankhwala osayenera njirayi?

Alipo. Ufa womata kapena wogwira magetsi umavuta kuuthira mofanana ola ndi ola. Piritsi lokhala ndi API wochepetsetsa, wosafika miligalamu imodzi, limavuta pawiri: chothirira chiyenera kutulutsa magalamu ochepa pa ola mosaphonya, ndipo NIR imalephera kuona chinthu chochepa chotero mu ufa wambiri. Popanga API, zosakaniza zofuna maola ambiri kuti zisandulike zimafuna paipi yaitali mopitirira, ndipo zotulutsa timiyala zimatseka timapaipi.

Palinso mankhwala ofunika ochepa kwambiri moti ufa wotayika poyatsa ndi pozimitsa ungapose wopulumuka. Pa amenewa makampani ena amatenga njira yapakati: kusakaniza timagulu ta makilogalamu ochepa totsatizana mofulumira, n'kumatithira m'chodindira chomwe sichiima.